Kokayenda ndi galu mu London: Epping, Highgate, Richmond kapena Burnham Beeches?

Ndiyambe ndi kuulula kuti ine galu ndinkamuopa. Kwathu galu ndi mlonda, amagona panja, amadya mkute, ndipo ukakumana naye wachilendo panjira chomwe chimabwera m'mutu ndi chiwewe ndi jakisoni, nde umangowerama ngati ukutola mwala iye nkuthawa. Pano ndili ndi zaka zingapo mu London ndipo ndikukhala ndi galu m'nyumba, wa agogo ena achizungu omwe tinayandikana nawo, atapita kunyumba yosamalira okalamba anandipempha kuti ndimutenge. Dzina lake lachizungu lilipo koma ine ndimamutcha Dyeratu chifukwa chilichonse chomwe wapeza pansi amayamba wameza kenako nkumaganiza pambuyo. Galu wa kuno ukapanda kumutulutsa amakulipiritsa, wanga anadya nsapato yanga ya kutchalitchi sabata yoyamba yomwe.

Nde chifukwa cha iyeyu ndazungulira nkhalango za kuno kuposa momwe ndinayendera ku Dzalanyama moyo wanga wonse. Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti koma malo abwino ndi ati, ena ali ndi agalu ena angofuna kokaongola miyendo ndi ana, ndiye ndati ndingolemba kamodzi.

Funso loyamba si lakuti nkhalango yokongola ndi iti ayi. Funso ndi lakuti galu wanuyo mukamuitana amabwera? Osati m'khitchini muli ndi soseji m'manja, koma kutchire ataona gologolo. Yankho la funso limeneli ndi lomwe likusankhireni malo, zinazi ndi zongowonjezera.

Ndiyambe ndi Epping Forest poti ndi komwe mtima wanga uli, komanso ndi komwe ndinaphunzira nkhwangwa ili m'mutu. Nkhalangoyi ndi yaikulu, mahekitala pafupifupi 2,400, yayambira kum'mawa kwa London cha ku Forest Gate nkukathera ku Essex kupitirira tawuni ya Epping, ndi yaitali koma yopyapyala ngati mzere. Amayang'anira ndi a City of London Corporation kuyambira 1878 pomwe nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loiteteza, nthawi imeneyo eni minda akuluakulu anali atayamba kuidula zidutswa nkumatchinga mipanda, ndipo mu 1882 Mfumukazi Victoria inabwera yokha kudzalengeza kuti nkhalangoyi ndi ya anthu onse. Kulowa ndi ulere, palibe geti palibe mlonda wokufunsa chiphaso. Kafikidwe nako nkosavuta, mukwere sitima pa Liverpool Street yopita ku Chingford, theka la ola osakwana mwafika, mukangotuluka pa siteshoni nkuyenda pang'ono mwayamba kale kuponda udzu. Kapena sitima ya pansi pa nthaka ija amati Tube, mukwere ya Central line mutsike pa Loughton olo Theydon Bois. Galu salipira pa Tube, koma pa masitepe oyenda okha aja muyenera kumunyamula, nde ngati wanu ndi chimkunkhuniza cholemera ngati thumba la chimanga yang'aniranitu siteshoni yomwe ili ndi masitepe wamba kapena lifiti.

Chomwe chimanditenga mtima ku Epping ndi mitengo. Kuli mitengo yakalekale yoposa 50,000 yomwe anthu akale ankaisadza m'mwamba, amadula nthambi pamtunda woti ng'ombe ndi agwape asafikire mphukira, nkutenga nkhuni, mtengo nkuphukanso. Atasiya kusadza nthambi zija zinakula nkukhala mitengo payokha, nde umapeza thunthu limodzi lonenepa lofupika, pamwamba pake patatuluka mikono isanu ndi umodzi yolunjika kumwamba ngati munthu wakweza manja popemphera. Tsiku loyamba ndinaima nkumangoyang'ana, ndinakumbuka momwe agogo anga ankasadzira mitengo ya m'munda osaigwetsa. Kunonso anthu osauka ankadalira nkhalango pa nkhuni ngati ife tomwe, kungoti iwo anasiya kalekale. Pafupi ndi Chingford pali nyumba yamatabwa yosanjikiza katatu, Queen Elizabeth's Hunting Lodge, yomwe inamangidwa mu 1543 nthawi ya Henry VIII kuti mafumu azionerapo ulenje, ndipo mukapitirira pang'ono mufika pa nyanja yaing'ono ya Connaught Water pomwe njira yake ndi yosalala yoti olo ngolo ya mwana imayenda bwinobwino.

Galu ku Epping mutha kumumasula malo ambiri bola akhale womvera. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa ine. Linali Loweruka mwezi wa November, tinalowera cha ku Loughton, ndinamumasula Dyeratu poti masiku onse amangozungulira pafupi, mwadzidzidzi kagwape kakang'ono kaja amati muntjac kanangoti tulukiru pa chitsamba, kofanana ndi gwape wa kwathu weniweni kukula kwake, nde galu anangoti fwaa osacheuka. Ndinaitana dzina lachizungu, ndinaitana Dyeratu, ndinaimba likhweru mpaka milomo kuuma, zii. Chomwe chinandiumitsa thupi si kusowa kwa galuyo koma phokoso la magalimoto, chifukwa nkhalangoyi yadulidwa ndi misewu yothamanga, Epping New Road ija magalimoto amadutsa ngati akuthawa nkhondo, ndipo sipakhala mpanda. Ndinakhala pa chitsa mphindi mwina 20 ndikuganiza kuti agogo aja ndikawauza chani. Anabwera yekha, lilime panja, thupi lonse matope, akugwedeza mchira ngati wachita zanzeru. Kuyambira tsiku limenelo ndinagula chingwe chachitali chija cha mamita 10 ndipo ndikamva msewu pafupi ndimamumanga, zoti ufulu wa galu tikakambirana kunyumba.

Zina zoti mudziwe za Epping, matope. Dothi lake ndi lamakande, kuyambira November mpaka March mukapita ndi nsapato zoyera mukabwera mukulira, gulani majombo basi. Kulinso ng'ombe za nyanga zazitali zomwe amazidyetsa m'nkhalangomo nthawi yotentha, zimavala kachipangizo m'khosi komwe kamalira zikafika m'malire nde mpanda simuuona, mumangozipeza zitaima panjira. Ndi zofatsa koma galu mumange. Ndipo zikakuthamangitsani malangizo a kuno ndi oti mumusiye galuyo chingwe athawe yekha, iye amathamanga kuposa inu. Okwera mahatchi ndi anjinga nawonso ndi ambiri makamaka cha ku High Beach Lamulungu. Oimika galimoto amalipira masiku ano, kale kunali ulere.

Ndipo abale anga a bowa, ndikudziwa mtima womwe umabwera. Mwezi wa October pansi pamangoti mbuu bowa, wina wofanana ndi utale, manja amayabwa. Musayerekeze. Ku Epping kuzula bowa nkoletsedwa ndi malamulo a nkhalangoyo ndipo anthu anatengeredwapo kukhoti, kuonjezera apo bowa wa kuno si wa kwathu, wina wooneka bwinobwino amapha. Nkhuni nazonso zisiyeni, mitengo yakugwa amaisiya dala iwolere pompo chifukwa tizilombo ndi mbalame zimadalira zimenezo. Mayi anga nditawaonetsa pa vidiyo kolo anangoti nkhuni zonsezo zikungoola? anthu amenewa ngodala.

Tsopano Highgate Wood. Uku ndi kosiyana kwambiri, ndi kankhalango ka mahekitala 28 okha pakati pa nyumba kumpoto kwa London, Northern line mutsike pa Highgate nkuyenda mphindi zochepa. Nakonso ndi ka City of London, kuyambira 1886. Mitengo yake yambiri ndi oak ndi hornbeam, njira zake zambiri ndi zouma, pakati pali bwalo lamasewero, kafe, zimbudzi ndi malo osewerera ana komwe galu saloledwa. Simungasochere olo mutafuna. Ndi komwe ndimapita ndikaweruka shifiti ya usiku thupi lili lende, ndizungulire mphindi 40 galu achite zake tibwerere ndikagone. Ubwino wina ndi woti kali ndi mpanda, koma mageti amakhala otsegula masana nde musadalire mpandawo kwambiri, ndipo kukada amatseka. December kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, mukachedwa mupeza loko.

Vuto la Highgate ndi agalu anzake. Ndi ochuluka zedi, makamaka m'mawa pomwe anthu olembedwa ntchito yoyendetsa agalu amabwera aliyense ndi gulu lake, inde kuno imeneyo ndi ntchito ndipo anthu amalipira lendi nayo. Ngati galu wanu ndi wandewu kapena wamantha mukhala mukupepesa njira yonse. Malo ena anatchinga ndi timipanda ta mitengo kuti pansi papume poti mapazi a anthu ndi agalu anapondaponda mpaka zomera kuleka kumera, nde musamulole kulowamo. Mukaoloka Muswell Hill Road mulowa mu Queen's Wood, yomwe anaipatsa dzinali mu 1898 polemekeza Victoria yemwe uja, imeneyi ndi ya khonsolo ya Haringey ndipo ndi yakutchire kwenikweni, yotsetsereka, yamdima pang'ono, anthu ochepa. Ine pa ziwirizi ndimakonda Queen's Wood, ngakhale mvula ikagwa kutsetsereka kuja ndinakhalapo pansi kamodzi osafuna.

Richmond Park ndi komwe aliyense amakuuza kuti upite, ndipo kukongola kokha sindingatsutse. Ndi maekala 2,500, mfumu Charles I inamanga khoma kuzungulira malowa mu 1637 kuti izisakamo, ndipo mpaka lero muli agwape opitirira 600 ongoyenda momasuka, ena aakulu a nyanga ngati nthambi. Pa kachitunda kotchedwa King Henry's Mound umaona tchalitchi cha St Paul's chomwe chili mamailosi 10 kutali kudzera pa kampata ka mitengo, ndipo malamulo amaletsa kumanga nyumba yotchinga mzere umenewo. Kukafika ndi District line mpaka Richmond kenako basi kapena kukwera chitunda wapansi. Mukakhala ndi alendo ochokera kumudzi apititseni, zithunzi zake zimatuluka bwino.

Koma kwa galu ngati wanga, ayi ndithu. Choyamba si nkhalango yeniyeni, mbali yaikulu ndi dambo la udzu ndi timisitu apa ndi apo. Chachiwiri ndi agwapewo. Kuyambira 1 May mpaka 31 July, nthawi yomwe amaswa, galu aliyense ayenera kukhala pa chingwe paki yonse, si pempho ndi lamulo, chifukwa amabisa ana awo m'maudzu ataliatali ndipo make akaona galu amabwera kudzamenya, sathawa. Kuyambira September mpaka November amphongo amakhala akulimbirana akazi, amabangula ngati ng'ombe ndipo mkwiyo uli pafupi. Nde werengani nokha miyezi yomwe yatsala. Galu akathamangitsa gwape mwini wake akhoza kukaonekera kukhoti. Amene munali kuno mu 2011 mukukumbuka kavidiyo kaja ka bambo akuthamangira galu wake Fenton akukuwa, agwape ali chigulu kuoloka msewu, dziko lonse linaseka, ine ndinasekanso nthawi imeneyo koma pano ndikakaonera ndimamva m'mimba kutentha poti ndikudziwa momwe bamboyo ankamvera. Nkhupakupa nazonso ku Richmond nzambiri chifukwa cha agwape omwewo. Ngati galu wanu ndi wokalamba wongoyenda pambali panu, kapena mulibe galu, pitani mukasangalale, mwezi wa April kumapeto kapena May mukalowe mu Isabella Plantation maluwa ali waa, kumenekonso galu ndi pa chingwe.

Burnham Beeches ili kunja kwa London, ku Buckinghamshire kufupi ndi Slough, nayonso a City of London anaigula mu 1880. Ndi yaing'ono poyerekeza ndi Epping, mahekitala 200 ndi kanthu, koma mitengo yake ya beech yosadzidwa ija ndi yokalamba mochititsa mantha, ina ya zaka mazana angapo, yobooka m'kati moti mwana atha kubisalamo. Kumakhala bata. Misewu ina ya m'kati anaitseka kwa magalimoto nde umayenda pa tala wopanda galimoto, zomwe nthawi ya matope ndi mpumulo waukulu. Malamulo a agalu uku ndi okhwima kuposa konse komwe ndatchula ndipo anawalemba poyera, mbali ina ya nkhalango galu ayenera kukhala pa chingwe nthawi zonse, mbali ina mutha kumumasula koma woyang'anira akakuuzani kuti mumange mumange, munthu m'modzi asapitirire agalu anayi, pa kafe pali malo omwe galu salowa, ndipo kusiya chimbudzi cha galu ndi chindapusa. Ena amadandaula nazo koma ine zimandisangalatsa, chifukwa ukakhala mbali ya chingwe umadziwa kuti palibe chigalu chomwe chikubwera kudzakudumphira mwini wake ali kutali akukuwa kuti ndi wofatsa. Amene muli ndi ana oopa agalu, kapena inuyo eni ake mukadali ndi mantha a kwathu aja, uku ndiye koyambira. Chovuta ndi mayendedwe, popanda galimoto ndi chintchito, sitima mpaka Slough kenako basi ya ku Farnham Common kenako wapansi, tsiku latha. Ine ndimapita pokhapokha mlamu wanga akakhala kuti sakugwira ntchito ndipo walola kuti galu akwere m'galimoto yake, zomwe zimafuna kukambirana ndi bulangete lakale.

A ku Woolwich, Plumstead ndi Eltham musavutike kuoloka mtsinje, muli ndi Oxleas Wood pa Shooters Hill pompo, sitima mutsike pa Falconwood. Ndi nkhalango yakale kwambiri yomwe inatsala pang'ono kudulidwa ndi msewu waukulu koma anthu anakana mpaka boma linasiya mapulaniwo mu 1993. Pamwamba pali kafe poonera kutali ndi kansanja ka Severndroog Castle ka mu 1784. Ndinapitako kawiri kokha nde sindinena zambiri, koma ndikanakhala mbali imeneyo bwenzi ndikupita daily.

Kulikonse komwe mungasankhe pali zinthu zomwe sizisintha. Galu wa ku England ayenera kukhala ndi kachipu pansi pa khungu, lamulo limeneli linayamba mu 2016, komanso kolala yolembedwa dzina ndi adiresi ya mwini wake akakhala pagulu. Tengani timajumbo totolera chimbudzi, ndikudziwa, inenso tsiku loyamba ndinayang'ana uku ndi uku kuti pasapezeke munthu wa kwathu akundiona ndikutola manyi a galu ndi dzanja, koma umazolowera, ndipo chonde mukatola musapachike kajumboko pa nthambi ngati ena amachitira, zimanyansa kuposa kungosiya. Kuyambira March mpaka July mbalame zina zimaikira mazira pansi m'maudzu nde galu asamangolowa paliponse. Pa mitengo ya oak nthawi yotentha muzionetsetsa, kuli chiyabwe china chomwe chinafika mu London cha m'ma 2006, mbozi zake zimayenda mondondozana ngati sitima ndipo zimamanga zisa zoyera ngati thonje pa thunthu, ubweya wake umayabwa koopsa ndipo galu akanunkhiza kapena kunyambita pakamwa pamatupa, ndi nkhani ya kwa vetenale yomweyo. Mbewu za oak zomwe zimagwa mu October nazonso si zabwino galu akadya zambiri, kwa Dyeratu imeneyi ndi nkhondo ya chaka ndi chaka. Njoka yaululu kuno ndi imodzi yokha, adder, ndi yamanyazi ndipo ine sindinaionepo, koma ku Epping iliko. Madzi a m'maiwe akaoneka obiriwira ngati penti nthawi yotentha galu asamwe asasambemo.

Nde mukandifunsa kuti ndisankhe, ndinena motere. Pakati pa sabata, nthawi yochepa, thupi lotopa, Highgate ndi Queen's Wood. Tsiku lopuma lomwe ndikufuna kuiwala kuti ndili mu London, Epping, kulowera ku Chingford ngati ndili ndi anthu ena, kulowera ku Loughton ngati ndili ndekha ndi galu ndi chingwe chachitali chija. Burnham Beeches mlamu akakomera mtima. Richmond ndimapita ndi alendo galu nkutsala kunyumba, amandiyang'ana moipa ndikamatseka chitseko koma bola zimenezo.

Mukabwerako musanakhale pansi mufufuzeni nkhupakupa, m'makutu, m'khwapa, pakati pa zala, ndipo mudzifufuzenso nokha kuseri kwa mawondo ndi m'chiuno chifukwa za kuno zina zimapatsa matenda a Lyme, mukaona chizungulire chofiira pakhungu chomwe chikukula pitani kwa dokotala wanu, GP. Nkhupakupa za kuno ndi zazing'ono kuposa zomwe tinazolowera pa ng'ombe, ina imakhala ngati kambewu ka mpiru. Osaiotcha ndi machesi kapena kuipaka palafini ngati momwe tinkachitira kumudzi, pali kapulasitiki kokhala ngati kaphazi ka mbuzi kotchipa komwe amagulitsa m'mashopu a ziweto, umakalowetsa pansi pa nkhupakupayo nkupotokola pang'onopang'ono mpaka yatuluka ndi mutu womwe. Ine ndili nato tiwiri, kena m'thumba la jekete kena pa makiyi, Loweruka lapitali ndinachotsa zitatu pa khutu limodzi la Dyeratu iye ali phee akutafuna chingwe cha jombo yanga.